Mutu 12: Kuyesa webusayiti khamu lisanafike

Niassa ndi chigawo chachikulu kuposa zigawo zonse za dziko la Mozambique. Kukula kwake kumaposa dziko lonse la Malawi, koma kalembera wa 2017 anapezamo anthu osakwana 2 miliyoni, okhala motalikirana kwambiri. Likulu lake ndi Lichinga, mzinda wozizira wa kumtunda umene kale unkatchedwa Vila Cabral. Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,400 pa ndege, ndipo pamsewu ulendowo umatalika koposa. Kwa munthu wa ku Mecula, Mavago kapena Nipepe, ngakhale kufika ku Lichinga komweko ndi ulendo wochita kukonzekera, wofuna ndalama ya galimoto ndi kamba wa panjira.

N'chifukwa chake ntchito zochitira pa foni ndi pa intaneti zili ndi phindu lalikulu kuno. Kugula magetsi a Credelec, kutumiza ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kulembetsa mayeso olowera ku yunivesite, kuona ngati malipiro alowa, zonsezi zimapulumutsa ulendo. Komabe aliyense amene anaimapo pamzere ku banki kapena pa kauntala yotumizira ndalama anamvapo yankho loti "palibe sistema". Zoyambitsa zake n'zambiri: magetsi azima, chingwe chaduka, wina walakwitsa pokonza. Mutu uno ukukamba za choyambitsa chimodzi chimene chingathe kudziwika tsiku lisanafike, ndicho kuchuluka kwa anthu ofika nthawi imodzi. Ntchito yofufuza zimenezi akatswiri amaitcha load testing. Mfundo yake ndi yakuti webusayiti imene yagwira bwino ntchito poyesedwa ndi munthu mmodzi sinayesedwe n'komwe, pakuti tsiku limene anthu adzaifune kwambiri ndi tsiku lomwelo limene idzalemedwe kwambiri.

Chimachitika n'chiyani mukadina

Mukatsegula tsamba pa foni, foniyo imatumiza pempho ku kompyuta ina yotchedwa seva. Sevayo imawerenga pempholo, kawirikawiri imakafunsa ku database, nkhokwe momwe mumasungidwa mayina ndi manambala, kenako imabweza yankho. Tsamba limodzi looneka m'maso silikhala pempho limodzi ayi. Zolemba zimabwera pazokha, chithunzi chilichonse pachokha, timapulogalamu toyendetsa mabatani patokha, moti kutsegula kamodzi kungabale mapempho makumi angapo.

Seva ili ndi malire ake. Purosesa yake imawerengetsa zinthu zowerengeka pa sekondi, memory yake imadzaza, ndipo database imalola kulumikizana kowerengeka pa nthawi imodzi. Pempho lililonse limagwira kagawo ka zinthuzi kufikira litayankhidwa. Mapempho akachuluka kuposa malo, otsalawo amaima pamzere mkati mwa makina. Mzere ukatalika, foni imatopa kudikira n'kudula, kapena seva imabweza nambala 503, kutanthauza kuti siingathe kutumikira panopa, kapena 504, kutanthauza kuti makina a kumbuyo achedwa kuyankha.

Masamu a mzere

Woyamba kuwerengetsa bwino nkhani ya mizere yotereyi anali Agner Krarup Erlang, katswiri wa masamu wa ku Denmark amene ankagwira ntchito pa kampani ya matelefoni ya mumzinda wa Copenhagen. Kampaniyo inkafuna kudziwa kuti pakufunika mawaya angati kuti oimba foni asamapeze njira zonse zili zodzaza. Erlang anasindikiza zotsatira zake zoyamba mu 1909 ndi zina mu 1917, ndipo masamu akewo akugwirabe ntchito lero pa makina amene iye sanawaonepo.

Tiwamvetse pa chigayo. Tinene kuti pa avereji munthu mmodzi amatha mphindi 5 akugayitsa, wina ndowa imodzi, wina thumba lathunthu, choncho chigayo chimatumikira anthu 12 pa ola. Anthu safika motsatana bwino ngati asilikali. Nthawi ina pamafika atatu pamodzi, nthawi ina pamakhala zii. Masamu osavuta a mzere amaonetsa kuti pakamafika anthu 6 pa ola, munthu amatha pafupifupi mphindi 10 kuyambira pofika mpaka ponyamula ufa wake. Pakamafika 9, amatha mphindi 20. Pakamafika 11, amatha ola lathunthu. Pakamafika 13, mzere sutha, umangokulirakulira mpaka mwini chigayo atatseka.

Taonani kuti kuchoka pa 6 kufika pa 9 kudikira kwangowirikiza kawiri, koma anthu awiri okha owonjezera, kuchoka pa 9 kufika pa 11, akukweza kudikirako katatu. Seva imachita chimodzimodzi. Ikamagwiritsa ntchito theka la mphamvu zake, yankho limatenga nthawi yowirikiza kawiri poyerekeza ndi pamene ili yokha. Ikafika pa 90 peresenti, kakhumi. Ikafika pa 99 peresenti, ka 100. Apa ndi pamene eni webusayiti ambiri amapusitsika. Dzulo zonse zinkayenda bwino, lero anthu angowonjezekera pang'ono, ndipo zinthu zaima. Kugwako sikuchenjeza, ndipo njira yokha yodziwira pamene pali phompho ndi kukankhira makinawo dala mpaka atafikapo.

Palinso lamulo lina, limene John Little wa ku America anatsimikizira mu 1961. Limati chiwerengero cha amene ali mkati pa nthawi ina iliyonse chimapezeka pochulukitsa chiwerengero cha ofika pa sekondi ndi nthawi imene aliyense amakhalamo. Lamuloli ndi lalifupi, koma limafotokoza chifukwa chake kuchedwa pang'ono kumagwetsa seva yaikulu.

Tsiku la zotsatira

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya ukachenjede ku Lichinga yalandira makalata a ophunzira 6,000 ofuna malo, ndipo yalengeza pa wailesi kuti mayina a osankhidwa atuluka pa webusayiti Lolemba nthawi ya 8 koloko m'mawa. Woyang'anira makompyuta akagawa anthu 6,000 pa tsiku lathunthu, apeza munthu mmodzi pa masekondi 14 aliwonse, ndipo agona tulo tabwino. Koma wophunzira amene wadikira miyezi sangadikirenso mpaka madzulo. Tinene kuti theka la iwo afika m'mphindi 5 zoyambirira. Amenewo ndi anthu 3,000 m'masekondi 300, kapena kuti anthu 10 pa sekondi. Ngati tsamba lililonse likubala mapempho 20, seva ikulandira mapempho 200 pa sekondi.

Tinenenso kuti sevayo imatha kugwira mapempho 100 nthawi imodzi. Ngati pempho lililonse likutenga gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, lamulo la Little likutiuza kuti mkati muli mapempho 20 okha, malo ambiri ali mbee. Tsopano database yayamba kulemedwa, ndipo pempho lililonse likutenga masekondi 2. Mapempho ofuna malo afika 400, pamene malo alipo 100. Seva tsopano ikumaliza mapempho 50 okha pa sekondi, ndipo 150 akutsalira sekondi iliyonse. Pakutha pa mphindi imodzi, mapempho 9,000 ali pamzere.

Apa khalidwe la munthu limathira mafuta pamoto. Tsamba likachedwa, wophunzira amadinanso. Amauza mlongo wake kuti ayese pa foni ina, amatumiza uthenga kwa amalume ake ku Cuamba kuti nawonso ayese. Pempho lake loyamba likadali pamzere, ndipo seva idzalitumikira ngakhale mwini wake anachoka kale. Motero makina akutha mphamvu poyankha anthu amene sakumvetseranso, ndipo khamu la anthu 3,000 likulemera ngati la 10,000. Aliyense wa iwo akuwononga bandulo yake pa tsamba losatseguka.

Zinagwera ngakhale olemera

Vutoli si la mayiko osauka okha. Pa 1 October 2013 boma la America linatsegula webusayiti ya HealthCare.gov yogulirapo inshuwalansi ya zaumoyo. Akuluakulu ake ananena pambuyo pake kuti ankayembekezera anthu 50,000 mpaka 60,000 nthawi imodzi, koma kunafika pafupifupi 250,000. Zikalata zimene zinatuluka pofufuza nkhaniyi zinaonetsa kuti pa tsiku loyamba anthu 6 okha ndi amene anamaliza kulembetsa. Zigawo za webusayitiyo zinapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo kuziyesa zonse pamodzi kunachitika mochedwa, kutatsala masabata ochepa kuti itsegulidwe. Kukonza kwake kunatenga miyezi iwiri ya ntchito ya usana ndi usiku.

Ku Britain, pa 7 June 2016, webusayiti yolembetsera ovota inagwa kutatsala maola ochepa kuti kulembetsa kutsekedwe, pokonzekera referendamu yotuluka mu European Union. Boma linakakamizika kuwonjezera maola 48. Phunziro lake ndi lodziwika kwa aliyense amene analipirapo fizi: tsiku lomaliza ndiye tsiku la khamu.

Ku Australia, usiku wa kalembera wa pa 9 August 2016, webusayiti yolembera inatsekedwa ndipo inakhala yosagwira ntchito kwa maola pafupifupi 40. Iyi inayesedwa ndithu kuti ithe kulandira mafomu 1 miliyoni pa ola. Chimene chinaigwetsa chinali chiwembu cha anthu otumiza mapempho abodza ochuluka, chotchedwa DDoS, komanso router, chipangizo cholumikiza makinawo ku intaneti, imene inalephera kudzuka bwino itazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Anayesa katundu amene ankamuyembekezera, koma sanayese mokwanira zimene zingachitike chipangizo chimodzi chikafooka khamu lili pakhomo.

Ndipo mu July 2016 masewera a pa foni a Pokémon Go anakopa anthu ochuluka kuwirikiza ka 50 poyerekeza ndi chiwerengero chimene eni ake anakonzekera, kakhumi kuposa chimene ankati ndiye choipitsitsa. Kulosera khamu n'kovuta, choncho woyesa wanzeru saima pa nambala imene walosera. Amapitirira mpaka aone mmene makina ake amagwera, kuti tsiku la tsoka adzagwe mwaulemu, osataya zolemba za anthu.

Kufupi ndi kwathu, pamene dziko la Malawi linayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP mu 2020, mlimi ankagula feteleza chiphaso chake cha unzika chikatsimikizidwa pa foni ya wogulitsa. Madandaulo a netiweki anamveka m'madera ambiri, alimi akudikira nthawi yaitali m'malo ogulitsira mvula ili pafupi. Kaya vuto lagona pa nsanja ya foni kaya pa seva, wolipira mtengo wa kuchedwako amakhala yemweyo, munthu amene wayenda mtunda wautali ndipo alibe njira ina.

Kayesedwe kake

Palibe amene angasonkhanitse anthu 3,000 kuti adine pamodzi pofuna kungoyesa. M'malo mwake pamagwiritsidwa ntchito pulogalamu yodziyerekeza kukhala khamu, yotumiza mapempho ambiri nthawi imodzi n'kumalemba nthawi imene yankho lililonse latenga. Mapulogalamu odziwika kwambiri ndi aulere. ApacheBench ndi kapulogalamu kakang'ono kobwera pamodzi ndi seva ya Apache. Apache JMeter, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imatha kutsanzira ulendo wonse wa munthu pa webusayiti. Pa Locust woyesa amalemba khalidwe la anthu abodzawo m'chinenero cha Python, pa k6 amalemba mu JavaScript. Palinso Gatling ndi wrk. Wophunzira wa makompyuta ku Lichinga amene ali ndi laputopu wamba angathe kuyamba lero.

Tione ApacheBench pafupi. Woyesa amalemba mzere umodzi: ab -n 10000 -c 200, n'kutsatiza adiresi ya tsamba. Nambala yoyamba ikuti mapempho onse akhale 10,000, yachiwiri ikuti 200 azikhala m'njira nthawi imodzi. Ikamaliza, pulogalamuyo imaonetsa mapempho amene ayankhidwa pa sekondi, amene alephera, ndipo m'munsi mwake imaika mndandanda wonena kuti theka la mapempho layankhidwa m'nthawi yakuti, 95 peresenti m'nthawi yakuti, 99 peresenti m'nthawi yakuti, mpaka pempho lochedwetsetsa. Woyesa amayamba ndi 10 nthawi imodzi, kenako 50, 100, 200, 400, akulemba zotsatira pa sitepe iliyonse. Poyamba mapempho oyankhidwa pa sekondi amakwera limodzi ndi khamu. Kenako amafika poima, osakweranso, pamene nthawi yodikira yayamba kuthamanga. Pamenepo ndiye pa malire a makinawo.

Mayeso alipo a mitundu inayi, ndipo uliwonse umayankha funso lake. Woyamba umaika katundu amene akuyembekezeka pa tsiku lotanganidwa, kuti aone ngati lonjezo likukwaniritsidwa. Wachiwiri umawonjezera katundu mpaka makina atagwa, kuti aone chimene chayamba kuthyoka ndiponso ngati makinawo amadzuka okha khamu likachepa. Wachitatu umagwetsa khamu lonse mwadzidzidzi, monga zimakhalira wailesi ikangolengeza, pakuti seva imene imapirira anthu obwera pang'onopang'ono ingathe kukomoka onse akafika m'mphindi imodzi. Wachinayi umasiya katundu wapakatikati kwa maola ambiri, usiku wonse kapena kuposerapo, pofuna kugwira matenda obisika, monga pulogalamu imene imadya memory pang'onopang'ono osabweza, kapena disiki imene ikudzaza mwakachetechete.

Pali chenjezo limodzi lofunika. Mayesowa amachitikira pa makina anu, kapena pa makina amene mwini wake wakulolani mochita kulemba. Kutumiza mapempho zikwizikwi pa webusayiti ya eni popanda chilolezo sikusiyana ndi chiwembu cha DDoS. Ku Malawi lamulo la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta limati kulepheretsa dala makina a wina kugwira ntchito ndi mlandu. Ngakhale pa makina anu, onetsetsani kuti anthu abodzawo sakutumiza ma SMS enieni kapena kudula ndalama zenizeni.

Avereji imabisa anthu

Zotsatira zikatuluka, diso limathamangira pa avereji, koma avereji imanamiza. Tinene kuti mwa anthu 100, anthu 95 ayankhidwa m'gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo 5 adikira masekondi 20. Avereji ikhala sekondi imodzi ndi kachidutswa, nambala yosangalatsa kuika mu lipoti. Koma pa ophunzira 6,000 aja, asanu pa 100 aliwonse ndi anthu 300 amene tsamba lawakanika. N'chifukwa chake akatswiri amayang'ana p95 ndi p99, nthawi imene 95 kapena 99 mwa mapempho 100 amayankhidwira. Lonjezo labwino limalembedwa motere: pa mapempho 200 pa sekondi, 95 mwa 100 ayankhidwe pasanathe sekondi imodzi, ndipo olephera asafike 1 pa 1,000.

Pali msampha wina umene Gil Tene, katswiri wa mapulogalamu, anachenjeza anthu kwambiri kuti aupewe. Mapulogalamu ambiri oyesera amatumiza pempho, n'kudikira yankho, kenako n'kutumiza lina. Seva ikayamba kuchedwa, woyesa nayenso amachepetsa liwiro, ngati akuimvera chisoni, ndipo zotsatira zimaoneka bwino kuposa zoona zake. Anthu enieni alibe chisoni chotero. Amafikabe pa liwiro lawo, kaya seva ikupuma kaya ikubanika. Mayeso abwino amatumiza mapempho pa liwiro lokhazikika posayang'ana kuti oyamba ayankhidwa kapena ayi.

Poyesa, maso asakhale pa pulogalamu yoyesera yokha. Wina aziyang'ana mkati mwa seva: purosesa yafika pati, memory yatsala yochuluka bwanji, funso liti likuchedwa mu database. Kudziwa kuti makina agwa pa mapempho 300 ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kudziwa chimene chawagwetsa.

Khamu lofanana ndi anthu a ku Niassa

Mayeso ambiri amachitikira mu ofesi ya mumzinda waukulu, pa intaneti yothamanga, kompyuta yoyesera ili pafupi ndi seva. Khamu lotero silifanana ndi la ku Metangula kapena Marrupa. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi mkati mwa chingwe cha fibre, choncho pempho lochokera ku Lichinga kupita ku Maputo n'kubwerera limatha mamilisekondi 20 kapena kuposa pa ulendo wokha. Seva ikakhala ku Ulaya, ulendowo umapitirira mamilisekondi 100, ndipo tsamba limodzi limafuna maulendo angapo otere. Zinthu zinapepukako pamene Microsoft inatsegula malo a maseva ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon n'kutsatira ku Cape Town mu 2020, koma mtunda wochoka pa nsanja kufika pa foni ya kumudzi ukadali womwewo.

Kumeneko foni yotsika mtengo, yogwira netiweki yofooka, imalandira yankho pang'onopang'ono, ndipo nthawi yonseyo imakhala itagwira malo pa seva. Mwa lamulo la Little, anthu 10 a netiweki yochedwa angathe kudzaza malo amene akanakwana anthu 100 a netiweki yothamanga. Vuto logwira kulumikizana kochuluka nthawi imodzi ndi limene Dan Kegel analitcha C10k mu 1999, kutanthauza makasitomala 10,000 pa seva imodzi, ndipo pulogalamu ya nginx, imene Igor Sysoev anatulutsa mu 2004, inapangidwa pofuna kulithetsa. Ikaikidwa kutsogolo, imalandira yankho kuchokera ku makina a kumbuyo mwachangu, n'kumalipereka kwa foni yochedwa pa liwiro la foniyo, makina a kumbuyo atamasuka kale.

Choncho mayeso oona amaphatikiza anthu abodza a netiweki yochedwa, ena odula pakatikati, ena odina kawiri katatu. Amagwiritsa ntchito database yodzaza ngati yeniyeni, chifukwa kufufuza dzina pakati pa mayina 50 n'kosiyana ndi kulifufuza pakati pa 500,000. Amafunsa mayina osiyanasiyana, osati dzina limodzi mobwerezabwereza, limene seva ingangoliloweza. Ndipo amayesanso tsiku loipa. Pa 12 May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inachedwa m'mayiko a Mozambique, Malawi, Tanzania ndi ena. Webusayiti imene ili mkati mwa dziko koma imadalira kachidutswa kochokera kunja ingathe kuima pa tsiku lotero, pokhapokha ngati wina anayesapo kudula kachidutswako n'kuona chotsatira.

Kalendala nayonso ndi gawo la mayeso. Khamu la kuno limabwera kumapeto kwa mwezi malipiro a aphunzitsi ndi anamwino akalowa, pa nyengo yogulitsa fodya, soya ndi nandolo, madzulo anthu akamagula magetsi kuti aphike ndi kuunikira, masiku a Khirisimasi ndi Eid, ndiponso sabata yotsegulira sukulu. Woyesa amene sadziwa kalendala imeneyi amayesa khamu la dziko lina.

Zofooka zikapezeka

Nthawi zambiri mankhwala ake si kugula makina aakulu. Chofooka chimapezeka pa malo amodzi opapatiza, ndipo kawirikawiri ndi mu database. Funso limene limawerenga mzere uliwonse pofuna dzina limodzi lingathe kufulumira kwambiri likangopatsidwa index, mlozera wolozera pamene dzinalo lili. Zinthu zosasintha, monga mndandanda wa osankhidwa, zingathe kukonzedwa kamodzi n'kusungidwa mu cache, kuti seva izingogawira osaphikanso. Zithunzi zolemera zingachotsedwe pa tsamba la zotsatira, chinthu chopepukitsa seva komanso chopulumutsa bandulo ya wophunzira.

Mankhwala ena sali m'makina n'komwe. Sukulu ija ingathe kutumiza zotsatira pa SMS, kapena kutulutsa mayina a maphunziro osiyana pa maola osiyana, khamu n'kugawika lokha. Ingathenso kuika chipinda chodikirira, tsamba lopepuka louza munthu kuti ali pa nambala yakuti ndipo asadinenso. Munthu wouzidwa zoona amadikira mofatsa kusiyana ndi woyang'ana tsamba loyera. Mapulogalamu a pa foni amaphunzitsidwa kuti akakanidwa asabwerere nthawi yomweyo, koma adikire sekondi imodzi, kenako masekondi awiri, kenako anayi, aliyense mosiyanako pang'ono ndi mnzake, kuti asabwererenso onse pamodzi. Ndipo pa nkhani ya ndalama, pempho lililonse limapatsidwa nambala yakeyake, kuti munthu akadina kawiri chifukwa cha kuchedwa asadulidwe kawiri.

Makampani obwereketsa maseva amalonjeza kuwonjezera makina okha khamu likakula. Zimathandiza ndithu, koma makina atsopano amatenga nthawi kuti adzuke, pamene khamu la 8 koloko limafika m'masekondi, ndiponso bilu yake imalipidwa m'ndalama zakunja. Nzeru ndi kuwonjezera makinawo usiku wa tsiku lodziwika, ndi kuyesa ngati database, imene siichulukitsidwa mosavuta, ipirira.

Mafunso a wogula

Walira mvula walira matope. Boma, banki, sukulu kapena bungwe la alimi limene lauza anthu kuti asiye mapepala n'kubwera pa intaneti laitana khamu, ndipo lili ndi udindo wolikonzekera. Udindowu suli pa wolemba mapulogalamu yekha. Mkulu wa sukulu kapena wa ofesi amene akusaina pangano logula sistema safunika kudziwa Python kuti afunse mafunso oyenera. Kodi tikuyembekezera anthu angati m'mphindi 5 zotanganidwa kwambiri, ndipo nambala imeneyo yachokera kuti? Kodi makinawa ayesedwa ndi khamu lowirikiza kawiri kapena katatu pamenepo? Pa 95 mwa anthu 100, yankho limabwera m'masekondi angati? Anagwa pa nambala iti, chinayamba kuthyoka n'chiyani, ndipo anadzuka patapita nthawi yaitali bwanji? Kodi anayesedwa pa foni wamba, pa netiweki ya kumudzi? Ndipo akagwa pa tsiku lomaliza, amene walephera kulembetsa athandizidwa motani?

Mayankho ake alembedwe m'pangano, ndipo mayeso abwerezedwe nthawi iliyonse pulogalamu ikasinthidwa, chifukwa mzere umodzi wolembedwa mosasamala ungathe kubweza makina pamene anali. Mtengo wa mayesowa ndi masiku ochepa a ntchito ya anthu awiri kapena atatu, pogwiritsa ntchito zida zaulere. Bungwe limene lakana kulipira mtengo umenewu silinathawe mayeso. Makina ake adzayesedwabe, pa tsiku lomaliza kulembetsa, ndipo odzalipira adzakhala wophunzira wotaya chaka chathunthu ndi mlimi wobwerera kumudzi chimanjamanja.